Denga la Nei Rereao Lidapitirira ndi Chikhatho

Nei Rereao ankayenda ngati munthu amene wamva nyimbo patali ndipo sakufuna kuti mapazi ake aisokoneze. Ukampatsa moni pamsewu, yankho linkakupeza utadutsa kale nyumba ziwiri. Pamudzi pathu pa Tabonikua ena ankati mutu wake sukoka. Bodza lenileni limenelo, ndipo amene adaliyambitsa tikumudziwa, dzina lake libwera kutsogoloku. Mayiyu adali bwinobwino. Kungoti maso ake ankaona midzi iwiri, uno tikukhalamowu ndi uja udamira.

Adabadwira kumudzi womirawo. Nyanja idayamba ndi kunyambita manda, kenako chitsime chidalowa mchere, ndipo Rereao ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu anthu adazula nyumba zawo n'kusunthira kumtunda, ngati pachilumba chopyapyala ngati lamba pali malo oti n'kuwatchula kuti kumtunda. Kumbuyoko kudatsala khoma limodzi la tchalitchi, loyera ndi njereza, zenera lake likuyang'anabe kum'mawa, ndiponso nsanamira zamwala za maneaba akale, nyumba ija makolo athu ankaweruziramo milandu ndi kuviniramo. Madzi akadzaza, nsanamirazo zimangooneka mitu. Akaphwa zimaonekera mpaka m'munsi, zitavala ndere.

Kumeneko n'kumene Rereao ankakatola nkhono. Dengu linkadzaza msanga, koma mwiniwake sankabwerako msanga. Ankakhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, atatsamira nsanamira yachitatu ya kum'mawa pamene pankakhala bambo ake, n'kumaonerera tinsomba tikusonkhana m'mithunzi ya miyalayo. Ankatidziwa tonse. Konenepa kaja kongotsegula kamwa popanda mawu kadali gogo wina amene adafa asanamalize mlandu wake wa malire. Tamizeremizere tija tothamangitsana kumbuyo tidali azimayi akunong'onezana. Madzi akayamba kubwerera ankamva akumukankha pang'onopang'ono pamimba, ndipo ankadzuka monga amadzukira munthu bwalo likatha, atawerama kaye kuti mutu usagunde denga limene lidachoka kalekale.

Adakwatiwapo, kwa mwamuna wa chilumba cha kumpoto, munthu wofatsa woseka ndi mapewa. Tsiku lina mwamunayo adapita ndi bwato lake kunyanja yaikulu, mphepo n'kumtenga. Rereao adadikira zaka ziwiri kwa apongozi, kenako adabwerera kwawo ndi bokosi limodzi, wopanda mwana. Adakhala ndi mlongo wake wamwamuna Tekaai. Popota chingwe cha makoko a kokonati pantchafu, ndi posoka rau, masamba a mtengo wa kaina aja timawapinda pakamtengo n'kufolerera nyumba, padalibe mkazi pamudzi pano womfika. Amene akufuna kutsutsa abwere ndi chingwe chake tidzakoke.

M'maneaba banja lililonse lili ndi malo ake, ndipo malowo sathera pansi ayi, amakwera ndi mapaso mpaka pamsonga pa denga. Amene wafolera pamwamba ndiye amakhala pansi pake. Amuna kutsogolo, akazi kumbuyo kumene denga limatsikira mpaka kukhudza msana. Mawu amayenda mozungulira, malo ndi malo, ndipo palibe amadumpha mnzake. Umo ndi momwe timagawira nsomba zikagwidwa zambiri, momwe timatsekera mbali ya nyanja kuti ipume, momwe timalangira woledzera. A khonsolo ali ndi ofesi yawo ndi mbendera, koma nawonso akabwera kuno amavula nsapato n'kuwerama.

Tekaai adachoka zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo kukathyola zipatso ku Nyuzilandi. Ankati chaka chimodzi chokha. Chaka chilichonse uthenga unkabwera wakuti chaka chamawa. Nkhono yaikulu ija amaiomba ngati lipenga ikalira kuitana bwalo, Rereao ankanyamula mkeka wa mlongo wakeyo, n'kukauyala kutsogolo, iye n'kukhala kumbuyo kwake. Mawu akazungulira kufika pamkeka wopanda munthuwo, a Ten Nabuti, mkulu woyendetsa bwalo, ankadikira mpweya umodzi asanaitane wotsatira. Mpweya umodzi wokha. Koma kwa Rereao kanthawi kameneko kadali kotakasuka ngati madzi a m'mawa. Ankamvamo chifuwa cha bambo ake, ndi kulira kwa mapaso akale mphepo ikamawomba, ndipo nthawi zina ankadzidzimuka bwalo litafika kale tsidya lina.

Chaka china denga la maneaba lidayamba kudontha. Munthu wa khonsolo adabwera ndi nkhani ya malata, nati boma likhoza kuthandiza. Akuluakulu adamumvetsera mpaka kumapeto, adamumwetsa uchema wotsekemera, kenako adamfunsa kuti pansi pa lata pamakhala yani, popeza lata silisokedwa ndi banja lililonse. Adabwerera ndi pepala lake. Bwalo lidagamula kuti mwezi ukaoneka kawiri denga lonse lifoleredwe, banja lililonse ndi rau wake.

Apa m'pamene adatsokomolera Ten Itaaka. Malo ake adagundana ndi a Tekaai, ndipo ali ndi ana aamuna asanu ndi awiri, onse mapewa ngati zitseko, amene ankakhala mothithikana ngati nsomba zam'chitini. Iyeyu ndiye adayambitsa zija zakuti mutu wa Rereao sukoka. Adati sakunena munthu, akungokumbutsa bwalo lamulo la makolo: malo amene sabweretsa rau wake patsiku lofolera amatsekedwa, oyandikana nawo n'kusendeza mikeka. Chikhalire Rereao malo anayi adali atatsekedwa chotero, ndipo mayina a mabanjawo lero ana sawadziwa.

Potuluka Itaaka adamtsatira Rereao. "Msuweni, usavutike," adatero, nkhope ili ngwee. "Ana anga manja akuwayabwa. Sabata imodzi akusokera zonse, iwe uzingokhala ndi nsomba zakozo."

Rereao adamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyesa kukumbukira kumene adamuonapo. Kenako adati, "Zikomo. Akandane."

Ankadziwa, monga aliyense amadziwira, kuti dzanja la banja lina likakhudza rau wako asanathe kusokedwa, pansi pakepo pasanduka pawo.

Pankafunika rau zana limodzi ndi makumi asanu. Mitengo ya kaina ya pafupi ndi nyumba yake idali itauma ndi mchere, ndiye m'mawa uliwonse ankayenda kupita ku kamunda ka banja lawo ka kunyanja yaikulu, kumene mafunde salekeza kubangula. Ankatola masamba ogwa, kuwamanga mitolo, kuwaviika m'madzi, kuchotsa minga, kuwakulunga pachikhomo kuti awongoke. Manja adang'ambika, adapola, adang'ambikanso. Zonsezi adazichitapo kuyambira ali mtsikana. Chimene adali asanachitepo n'chimodzi chokha: kudula timitengo topindirapo masambawo. Imeneyo ndi ntchito ya amuna. Mkazi amangopeza timitengo tili mulu, todulidwa kale pa muyeso.

Adafunafuna muyeso wa Tekaai osaupeza. Tsiku lachitatu, akusanthula m'denga la nyumba yophikira, dzanja lake lidagunda ndodo yakuda bii ndi utsi, yosalala, yokhala ndi mabala atatu a mpeni kumapeto. Adaidziwa asanaitulutse. Ndodo imeneyo adaiona m'manja mwa bambo ake ali kamwana, iwo atakhala pamchenga akudula timitengo, ndudu ya tsamba ili kukhutu. Adainunkhiza. Adaiika pamiyendo, ndipo tsiku limenelo sadagwire ntchito ina. M'mawa mwake adayamba kudula, kamtengo kalikonse molingana ndi ndodoyo, osapitirira ngakhale ndi chikhadabo.

Masana ankabwera Nei Aroita, mkazi wa Itaaka, amene adakulira limodzi ndi Rereao kumudzi womira uja. Mkazi wa manja osakhazikika ameneyo, woti akaona tsamba lili pansi amangozindikira walipinda kale. Choncho akafika ankayamba wakhalira manja ake onse awiri, kwenikweni, pansi pa matako, n'kumacheza ali chomwecho ngati nkhuku yofungatira.

"Iwe, wakhotetsa apo."

"Pati?"

"Apo, pamphuno pakopo. Mayo ine, manja angawa. Ukanakhala wa banja lina ndikanakulanda."

"Khalira bwino, dzanja lina likutuluka ilo."

"Aphedwe ndi dzanzi. Ukudziwa kuti bambo a kwathu akuwerenga mitolo yako akamadutsa? Dzulo akuti wafika makumi asanu ndi limodzi, chakudya osachimva kukoma."

"Uwauze asanu ndi awiri."

Aroita ankasimba za mudzi wonse, za mpunga umene udatha kusitolo sitima itachedwa, za mpongozi wake wosadziwa kupala kokonati, ndipo Rereao ankamva theka. Singano yake yafupa inkalowa n'kutuluka yokha. Tsamba lililonse linkamuuza kumene lidachokera: ili la mtengo wopendekera kumafunde, ili la uja adabzala mayi ake chaka cha chilala. Masana akatentha kwambiri mulu wa rau unkaoneka ngati ukupuma, ndipo iye ankaona denga lonse litatha kale, likuyandama pamwamba pa madzi popanda nsanamira, mthunzi wake uli pansi pamchenga woyera.

Adamaliza kutatsala masiku awiri.

Tsiku lofolera nkhono idalira kusanatenthe. Denga lakale adali atalikanganula dzulo lake, maneaba atangotsala nthiti zokhazokha, thambo likuonekera. Nkhumba zinayi zidali kale m'maenje a miyala yamoto. Banja lililonse lidabweretsa nsomba zake, babai wake wonga chinangwa uja, mabeseni a mpunga, n'kuziika pakati zitavundikiridwa ndi masamba. Lamulo la tsiku limeneli ngakhale mwana amalidziwa: palibe amalawa kanthu denga lisanatsekedwe. Chakudya chimadyedwa mumthunzi watsopano.

Amuna omanga adakwera, ena pansi akuwaponyera rau. Ntchito idayenda mozungulira monga amayendera mawu. Dzuwa likuyandikira paliwombo adafika pamalo a Tekaai. Rereao adali atatuta yekha mitolo yake yonse, maulendo khumi ndi asanu, ndipo adaima pambali pake manja ali kumbuyo. Woyamba adaponyedwa. Womanga adamuyala pamapaso, adamusuntha, adamutembenuza, kenako adayang'ana pansi. Adapempha wina. Chimodzimodzi. Rau wa Rereao ankapitirira phaso la malire ndi chikhatho chathunthu, kulowa pamwamba pa malo a Itaaka.

A Nabuti adaitanitsa muyeso. Ataona ndodo yakudayo adaisisita ndi chala. Kenako adafotokoza zimene achikulire onse adali atayamba kale kukumbukira. Chaka chosamuka chija mitengo italiitali idasowa, ndiye maneaba atsopano adamangidwa ocheperako, malo alionse n'kuphwa ndi chikhatho. Mabanja onse adadula miyeso yatsopano, yakale n'kusonkhezera moto. Koma bambo a Rereao chaka chimenecho adali gone ndi matenda, sadaone n'komwe nyumba yatsopanoyo, ndipo ndodo yawo idatsala m'denga momwe adaisiya. Rereao adali atafolera maneaba a m'madzi aja.

Wina adaseka kumbuyo, mnzake adamgunda ndi chigongono.

Itaaka sadachedwe. Adati iye akumva chisoni kuposa aliyense, koma rau wosalowa pamalo pake ali ngati rau amene sadabwere. Adalankhula nthawi yaitali, adatchula makolo, adatchula mvula. Ena adamuvomereza, makamaka aja amadya kwake. Ena adati mkaziyu wabweretsa, ndipo zimene wabweretsazo n'zosokedwa bwino kuposa za mabanja a anthu khumi. A Nabuti adamvetsera onse, kenako adagamula kuti rau wabwera, pamenepo palibe mlandu. Koma denga la munthu silingaphimbe phewa la mnzake mwiniwake asanalole. Ndiye njira zidali ziwiri: Itaaka alole chikhathocho, kapena Rereao adule rau wake yense lero lomwe, yekha. Akalephera, malo atsekedwa.

"Adule," adatero Itaaka.

Ankadziwa chimene akunena. Rau sadulidwa ngati nzimbe. Ukadula kumapeto, msoko umamasuka, masamba n'kuyamba kupulumuka. Pafunika kusolola awiri, kufupikitsa kamtengo, kubwezera limodzi, n'kutsekanso msoko. Itaaka ankayembekeza kuti mayiyo ayang'ana mulu uja, alira, n'kunena kuti zatheka basi.

Rereao adapempha muyeso watsopano kwa a Nabuti. Adakhala pansi pomwepo, padzuwa, pansi pa mpata wa denga, natulutsa mpeni ndi singano.

Omanga adadumpha malowo n'kupitiriza. Posakhalitsa denga lonse lidatha, kungotsala mzere umodzi wotseguka kuchokera pansi mpaka pamsonga, dzuwa likulowerapo ngati mpeni woyera, ndipo kumapeto kwa kuwalako kudali mkazi mmodzi akusoka. Mudzi wonse udakhala m'malo mwake. Padalibe wopita kwawo, chifukwa bwalo lidali lisanatsekedwe. Padalibe womthandiza, chifukwa kumthandiza kukanakhala kumlanda. Padalibenso wakudya.

Pali anthu mpaka lero amati Rereao adachita dala kuchedwa, kuti idali nzeru. Anthu amenewo samudziwa, ndipo asiye kumunamizira ukathyali umene ali nawo iwowo. Sadachedwe dala. Adagwira monga amagwirira masiku onse. Ankanyamula rau, n'kumuyang'ana kaye, chifukwa aliyense ankamukumbutsa tsiku limene adamusoka. Posolola tsamba ankaliyala pambali bwinobwino, osaliponya. Pena ankaima, singano ili m'mwamba, akuyang'ana fumbi likusambira m'kuwala kuja ngati tinsomba take. Njala sankaimva. Anthu sankawaona. M'mutu mwake adali atakhala pamchenga pafupi ndi bambo ake, iwo akumuuza kuti asathamange, tsamba lothamangira limadontha.

Nkhumba zidafukulidwa kuti zingapserere, fungo lake n'kudzaza nyumba yonse. Ntchentche zidamva. Ana adayamba kulira, amayi awo akuwatsina. Mkulu wina wa matenda a shuga adagonekedwa chagada akumukupiza. Dzuwa litapendeka ndithu, wina adawerenga mokweza kuti amene adulidwa ndi khumi ndi asanu ndi anayi. Otsala sadawatchule, aliyense adawerengera yekha mumtima.

Maso adayamba kuchoka pa Rereao. Adapita kwa Itaaka. Poyamba a tsidya lina, kenako oyandikana naye, kenako ana ake enieni, amene mimba zawo zinkalira mopokezana ngati achule. Iye adakhala chowongoka, akuyang'ana kutsogolo, thukuta likutsika m'khosi.

Aroita adali kumbuyo kwake, atakhalira manja ake kuyambira masana. Akazi salankhula m'bwalo, ndiye sadalankhule m'bwalo. Adangouza msana wa mwamuna wake, ndi mawu oti nyumba yonse idamva.

"Bambo a Teeta, ine manjawa ndatopa nawo. Ndikawerenga kufika khumi ndikukamthandiza. Ndipo ndikakhudza rau ameneyo, malowo mwapata, inde. Koma mudzi uno udzadziwa kuti adakupatirani ndi mkazi wanu, pa mnzake wamasiye, nkhumba zikuzizira. Mudzawakhala bwanji, ndidzaonera kumbuyo kuno."

Adayamba kuwerenga. Sadathamange.

Atafika pa zisanu ndi chimodzi Itaaka adakweza dzanja kwa a Nabuti. Adati waganizira okalamba ndi ana. Adati banja lake silidayambe lalimbirana chikhatho ndi munthu. Mawu ena adamezedwa ndi phokoso la amuna akuthamangira kukwera.

Padafunika kumugwedeza paphewa Rereao kuti asiye, ndipo adayamba wamaliza msoko umene adali nawo m'manja. Odulidwa aja adawamanga kumsonga, ena onse adalowa momwe adalili, m'mphepete mwake mutagona pamwamba pa rau wa Itaaka kuchokera m'munsi mpaka pafupi ndi pamwamba. Kuwala kuja kudachepa, kudachepa, kenako kudazima, ndipo m'nyumba mudagwa mthunzi wonunkhira masamba atsopano. Anthu adadya osalankhulana. Rereao adadya pang'ono, nsomba theka, n'kugona tulo pomwepo atatsamira nsanamira, mpeni uli pamiyendo.

Malo a Tekaai alipo mpaka lero, ndipo adzakhalapo mpaka denga ili lidzathe. Za mtsogolo Rereao sazikamba, mwina saziganiza n'komwe.

Koma Itaaka adalola ndi pakamwa pokha, thupi lake lidakana. Kukhala pansi pa denga losokedwa ndi banja lina, ngakhale phewa limodzi, sangathe. Kusendera uko sikutheka, ana ake adadzaza mpaka kumalire enawo. Ndiye pabwalo lililonse amakhala chopendekera, phewa lamanzere atalikokera m'kati, khosi lili khotee ngati munthu womvetsera pakhoma. Msana umayamba kumuwawa mawu asanamufike. Munthu amene kale ankalankhula mpaka madzi kuphwa n'kudzazanso, masiku ano amangoti akugwirizana ndi amene alankhula kale, n'kupempha kuti apitirize wina.